Kusamala galimoto yakale pakati pa ntchito za pakhomo

Malume anga anatisiyira Land Rover ku Domue, ya Series III, mtundu umene unkapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Zaka zonse za nkhondo yapachiweniweni inangokhala pa njerwa itafundidwa udzu. Mtendere utabwera mu 1992 anaidzutsa, ndipo mpaka lero imasenza mbatatesi kupita nazo ku Ulongué. Anthu amakonda kufunsa kuti makaniko wake ndani. Makaniko alipo, koma amaigwira kawiri kapena katatu pa chaka. Chimene chaisunga ndi tintchito ta mphindi zochepa timene tinalowa m'moyo wa pakhomo, pakati pa kusesa ndi kutsegulira nkhuku. Kaya muli ndi Peugeot 504, Hilux yakale kapena Nissan 1400, imene ku South Africa anasiya kupanga mu 2008, njira yake ndi yomweyi.

Yambani ndi tsache. Muuzeni wosesa pabwalo kuti asasese pansi pa galimoto inu musanaonepo, chifukwa dothi la pamenepo limakuuzani zimene zachitika usiku. Gwadani muyang'ane. Dontho lakuda cha kutsogolo ndi oyilo wa injini. Lolemera, lonunkha kwambiri, cha pakati kapena kumbuyo, ndi oyilo wa giyabokosi kapena wa difu. Galimoto zakale zimadontha pang'ono, musade nkhawa ndi kadontho kamodzi, koma onani ngati kakukula tsiku ndi tsiku. Choopsa ndi chinyezi choterera mkati mwa tayala, chifukwa amenewo angakhale mafuta a mabuleki. Mukachiona, ulendo wa tsikulo usiyeni ngakhale katundu atapakiridwa kale.

Madzi a tiyi ali pamoto, pitani ku boneti. Gogodani kaye musanatsegule. Kuno kumapiri usiku kumazizira, ndiye mphaka, khoswe ngakhale njoka zimathawira ku injini kukasaka kutentha. Sololani kachitsulo koyezera oyilo, kapukuteni ndi kansanza, kabwezereni, kenako kasololeninso: oyilo akhale pakati pa mizere iwiri ija. Akamaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa mu injini, ndipo imeneyo ndi ntchito ya makaniko. Radiyeta itseguleni injini ikadali yozizira basi. Yotentha imalavula madzi owira kumaso. Pothira, madzi amvula osefa bwino amaposa a pachitsime amene amasiya zokanirira m'timipope, ndipo kuwasakaniza ndi mankhwala a mu radiyeta kumaletsa dzimbiri. Dinikizani lamba wa fani ndi chala chachikulu. Alowe pang'ono chabe, ngati sentimita imodzi. Malizani ndi kabotolo ka mafuta a mabuleki. M'menemo musayerekeze kuthiramo mafuta ophikira kapena madzi a sopo monga ena amachitira akasowa pogwira, chifukwa timalabala ta mkati timawonongeka ndipo buleki imakuthawani pamtsetse.

Mu Juni ndi Julaye, nkhungu itaphimba phiri la Domue, injini imachita ulesi ngati mwana wa sukulu m'bulangeti. Ya petulo, kokani choko, lizani, ndipo ikayamba kuyenda bwino bwezerani chokocho pang'onopang'ono. Ya dizilo, dikirani mapulagi otenthetsa agwire ntchito musanapotokole kiyi. Musakakamize sitata kupitirira masekondi 10. Ikakana, pumulani kaye, batire lipezenso mphamvu. Zoika mbaula pansi pa injini kuti ifunde ndimaziletsa ndi mtima wonse, chifukwa pansi pamenepo pali oyilo ndi mafuta. Musailizenso m'kanyumba kotseka, utsi wake umapha mwakachetechete ngati wa makala.

Madzulo, poimika pomwe pamafunika nzeru. Iyang'anitseni kumtsetse, isiyeni m'giya, muikenso mwala kutsogolo kwa tayala. Batire likagona m'mawa, anyamata awiri okha akwanira kukankha: kiyi wotsegula, giya yachiwiri, kilachi yopondedwa, ndipo ikathamanga pang'ono mumasula phazi.

Ndipo italikitseni ndi nkhokwe. Ine ndinaphunzira mochedwa. Chaka china titakolola ndinaimika pafupi ndi mulu wa chimanga kwa milungu iwiri. Tsiku lopita ku msika wa Lizulu, matumba a kabichi atamangidwa kale, kiyi kupotokola, zii! Nditatsegula boneti ndinapeza chisa cha makoko a chimanga pamwamba pa injini, tiana ta makoswe tofiira tili phe mkati, mawaya awiri atadulidwa ngati ndi lumo. Kabichi anafota padzuwa tikulumikiza mawaya. Kuyambira pamenepo, nyengo yokolola galimoto imalizidwa masiku awiri kapena atatu alionse, ndipo m'kati simugona chitsononkho ngakhale chimodzi.

Tsiku lochapa zovala, madzi akakhala ambiri pakhomo, likhalenso tsiku la galimoto. Pemphani mayi a kunyumba kasupuni ka soda wophikira therere, musungunule m'madzi ofunda, mutsukire nsungu zoyera zija zimene zimamera pa mitu ya batire. Samalani kuti madziwo asalowe m'batiremo. Pukutani, pakani girizi pang'ono. Onani mpweya wa matayala onse, la sipeya lomwe. Mu Seputembala ndi Okutobala, fumbi likachuluka, tsukani kapena kung'unthani sefa ya mpweya sabata iliyonse.

Nyengo ya dzinja mdani ndi matope. Land Rover imanyenga maso, chifukwa thupi lake ndi la aluminiyamu losachita dzimbiri, pamene chasisi cha pansi ndi chitsulo wamba. Matope akakanirira m'makona mwake amasunga chinyezi, chitsulocho n'kumadyeka mwini wake akupukuta zitseko. Tengani kamtengo mugwetse matopewo, thirani madzi, ndipo pakauma popani girizi m'malo onse olandira girizi. Mukanyamula feteleza, sesani ndi kutsuka kumbuyoko tsiku lomwelo. Timibulu totayika timadya chitsulo koposa mvula.

Mafuta ogula m'zigubu m'mbali mwa msewu asefeni pa nsalu yoyera, ndipo otsalira pansi pa chigubu musawathire, n'kumene kumakhala madzi ndi zinyalala. Popakira mbatatesi, yang'anani masipuling'i: akawongoka n'kukhala thyathyathya, tsitsani thumba limodzi kapena awiri. Potsika mtsetse ndi katundu, lowetsani giya yotsika musanayambe kutsetsereka, injini ikuthandizeni kugwira. Mabuleki a galimoto zimenezi akatentha amafooka.

Kope lakale la sukulu likhale m'galimoto nthawi zonse. Kwathu amalemba ndi mdzukulu wanga wamkazi, chifukwa ndi amene ali ndi dzanja labwino: tsiku limene tasintha oyilo, malita amene tathira, ndi mawu alionse achilendo amene tamva panjira. Makaniko wa ku Ulongué akafuna kugwira galimotoyi, amayamba wawerenga kopelo sipanala isanatuluke m'thumba.