Boma litalanda munda wa tiyi, mlandu ungakakambidwe kuti?

Funso: Mtsikana wa Fomu 4 wa ku Bvumbwe, yemwe mayi ake amathyola tiyi, akufunsa: anthu ku Thyolo akulirira malo. Boma litalanda esiteti ya kampani yakunja, angaliyimire ndani pamlandu? Nanga ntchitoyo munthu amaiyamba bwanji?

Yankho: Gawo 44 la malamulo aakulu a dziko lino limalola boma kutenga malo pofuna kupindulira anthu, bola lidziwitse mwiniwake ndi kumulipira chipukutamisozi choyenera. Mkangano umabuka pa ndalamayo.

Kampaniyo ikakhala ndi pangano loiteteza, nkhani itha kulumpha makhoti a ku Blantyre n'kukafika ku ICSID, bwalo la ku Washington limene Malawi adalowamo mu 1966. Kumeneko oweruza, kawirikawiri atatu, amasankhidwa ndi mbali zokanganazo. Mu 2021 Malawi adavomerezanso pangano la New York lolemekeza zigamulo za oweruza otere a m'mayiko ena, kotero chigamulo chochokera kunja sichingangotayidwa m'kabati. Woyimira boma ndi ofesi ya Attorney General.

Ntchito ya maloya otere imakhudzanso za mabanki. Tiyi amagulitsidwa m'madola, ndipo mu 2021 Reserve Bank idalamula ogulitsa katundu kunja kuti azisinthitsa 30 peresenti ya madolawo. Malamulo oterowo amafuna maloya. Thabo Chakaka Nyirenda adachokera ku banki yomweyo pomwe ankasankhidwa kukhala Attorney General chaka chimenecho.

Njira yolowera ntchitoyi njosabisika: digiri ya malamulo, monga ya ku University of Malawi ku Zomba, chilolezo choyimira milandu, kenaka ntchito ku unduna wa zachilungamo. Poyambira pake, mtsikanayu akhoze bwino Chingerezi pa MSCE.