Phunziro 17: Kachipangizo kolondolera zida zobedwa

Tiyeni tiwerenge.

Munthu wa ntchito amadya ndi zida zake. Kalipentala ali ndi sowo ndi makina oboolera. Wowotcherera zitsulo ali ndi jenereta. Alimi a m'dimba ali ndi pampu ya injini, imene ambiri amaitcha motobomba. Zida izi ndi zazing'ono. Munthu mmodzi angathe kuzisenza kapena kuzimanga pa njinga. N'chifukwa chake mbala zimazikonda. Thirakitala ndi yovuta kubisa, koma pampu imalowa m'thumba la chimanga.

Pampu ikabedwa m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kabichi ndi tomato zimafota pa masiku ochepa. Gulu lataya pampu, latayanso mbewu, koma ngongole ya pampuyo yatsala.

Kale mbuzi ikabedwa, amuna ankalawirira kukalondola mapazi mame asanaume. Chida chonyamulidwa pa njinga yamoto sichisiya mapazi. Koma masiku ano pali kachipangizo kamene tingabise m'chida, ndipo kamatiuza pa foni kumene chidacho chafika. M'phunziro lino tikatcha kolondolera. Tikakhala tambiri, ndi tolondolera.

Kolondolera kodalira mafoni a anthu odutsa

Mu Epulo 2021 kampani ya Apple inayamba kugulitsa kolondolera kotchedwa AirTag. Kukula kwake ndi mamilimita 32, ngati chitsekero cha botolo. Kulemera kwake ndi magalamu 11. M'kati muli batire yaing'ono yobulungira yotchedwa CR2032, imene imatha pafupifupi chaka chimodzi. Kampani ya Samsung nayo inatulutsa kake, SmartTag, chaka chomwecho. Mu Epulo 2024 Google inatsegula njira yofanana ya mafoni a Android.

Kolondolera kotere kalibe khadi la foni. Sikadziwa kumene kali. Ntchito yake ndi imodzi yokha: kuitana. Kamaitana usana ndi usiku ndi mafunde a Bluetooth, amene khutu la munthu silimva. Mafundewo sapita kutali, amangofika mamita makumi ochepa.

Tsono munthu wina akudutsa ndi foni m'thumba. Foni yake imamva kuitana kuja. Foniyo imadziwa pamene ili. Imatumiza uthenga pa intaneti, ndipo mwini chida amaona kadontho pa mapu m'foni mwake. Wodutsa uja sadziwa kuti wathandiza. Saonanso uthengawo, chifukwa ndi wotsekedwa, ndipo woutsegula ndi mwini kolondolera yekha.

Tiyeni tiime pano pang'ono, chifukwa ambiri amataya ndalama posamvetsa mfundo iyi. Kolondolera kameneka kali ngati mwana wosochera amene akulira m'mbali mwa njira. Ngati palibe wodutsa, palibe womumva. Ndiponso si foni iliyonse imene imamva. Foni ya mabatani simva konse. AirTag imalengezedwa ndi mafoni a iPhone ndi zipangizo zina za Apple. SmartTag imalengezedwa ndi mafoni a Samsung Galaxy. Mu mzinda ngati Maputo kapena Beira, mafoni otere amadutsa. Ku dimba la m'mbali mwa mtsinje, kutali ndi msewu, kolondolera kangaitane sabata yonse popanda woyankha. Motero tisanagule tiyambe tafunsana: anthu a kuno ali ndi mafoni a mtundu wanji? Nanga ife amene tidzayang'ana mapu tili ndi foni yoyenerana nako? AirTag sigwira ntchito ngati mwini wake alibe iPhone kapena iPad.

Komabe mbala siiba pampu kuti ikaisunge kuthengo. Imaba kuti ikagulitse, ndipo wogula amapezeka kumsika kapena m'tauni. Kolondolera kamene kanali chete masiku atatu kangathe kulankhula tsiku lachinayi.

Zimene zinachitika ku Maryland

Ku United States, kalipentala wina wa ku Virginia anatopa ndi kuberedwa zida m'galimoto mwake. Anabisa ma AirTag m'zida zina zikuluzikulu. Mu Januwale 2024 mbala zinabweranso. Iye anatsata kadontho pa mapu mpaka pa nyumba zosungiramo katundu za lendi ku Elkridge, m'boma la Howard County, ku Maryland. Sanathyole chitseko. Anaitana apolisi, ndipo apolisi anatenga chilolezo cha khoti kuti atsegule.

M'katimo munali zida zambiri zobedwa. Apolisi anafufuza miyezi inayi. Mu Meyi 2024 analengeza kuti apeza zida pafupifupi 15,000 m'malo 12, za mtengo wa pakati pa madola 3 miliyoni ndi 5 miliyoni. Kenaka panabwera ntchito ina yovuta: kupeza eni ake. Sowo imodzi imafanana ndi inzake. Apolisi anachita kupempha anthu oberedwa kuti afotokoze zida zawo. Tisaiwale mbali imeneyi ya nkhaniyi.

Kolondolera kamachenjezanso mbala

Anthu ena oipa mtima anayamba kubisa tolondolera m'zikwama ndi m'magalimoto a anzawo, makamaka amayi, kuti aziwatsata mobisa. Kotero opanga anaikamo chenjezo. AirTag ikatalikirana ndi mwini wake, imayamba kulira pakati pa maola 8 ndi 24. Foni nayo imauza mwini wake kuti pali kolondolera kachilendo kamene kakuyenda naye. Mu Meyi 2024 Apple ndi Google zinagwirizana kuti chenjezo lotere lizifika pa iPhone ndi pa Android pomwe.

Chenjezo ili ndi labwino, chifukwa limateteza anthu. Koma mbala nayo ndi munthu wokhala ndi makutu ndi foni. Ikamva kulira, idzafunafuna, idzachotsa batire kapena kutaya kolondolerako m'ngalande. Ndiye kuti nthawi yathu ndi yochepa. Tikazindikira m'mawa kuti chida palibe, tisadikire msonkhano wa Loweruka.

Kolondolera ka GPS

Mtundu wachiwiri sudalira odutsa. Kumwamba, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, kuli masetilaiti a GPS amene amazungulira dziko. Kolondolera ka GPS kakamva masetilaiti 4 kapena kuposa apo, kamawerengera kokha malo amene kali. M'kati mwake timaikamo khadi la foni, kaya la Vodacom, la Movitel kapena la Tmcel. Ndi khadilo kamatumiza malowo ku foni yathu. Tambiri timathanso kutumiza uthenga nthawi yomweyo chida chikasunthidwa usiku. Apa pali phindu lalikulu, chifukwa timadzuka mbala isanafike patali.

Mtundu uwu ndi wokwera mtengo ndipo ndi wadyera. Umadya batire, moti uyenera kutchajidwa kawirikawiri kapena kulumikizidwa ku batire ya njinga yamoto. Umadyanso kredito. Khadi likauma, kolondolera kamakhala chete, ndipo timazindikira zimenezi tsiku la tsoka. Kumene netiweki sifika, nakonso sikalankhula. Pa chida chotsika mtengo, ngati khasu kapena wilibala, kolondolera kotere n'kuwononga ndalama. Pa pampu, jenereta kapena njinga yamoto ya gulu, m'pofunika kuganizirapo.

Tibise pati?

Chitsulo chimatchinga mafunde. Kolondolera kotsekeredwa m'bokosi lachitsulo kamamveka movutikira. Tifune malo a pulasitiki kapena a labala, monga kuseri kwa chivundikiro kapena pansi pa chogwirira. Tisaike pafupi ndi potulukira utsi wa injini, chifukwa AirTag inapangidwa kuti ipirire kutentha kosapitirira madigiri 60. Timate zolimba kuti kasagwe injini ikamanjenjemera.

Malo obisapo adziwe anthu awiri kapena atatu okha. Nkhani ikafika pa mowa, yafika kwa mbala.

Kamodzi pa mwezi tiyese: mmodzi apite ndi chida kutali, wina ayang'ane pa foni.

Buku la zida

Kolondolera kamatiuza kumene chida chili. Sikanena kuti chidacho ndi chathu. Wonena zimenezo ndi cholembera. Chida chilichonse cha injini kapena cha magetsi chili ndi nambala yake ya ku fakitale, pa kachitsulo kapena pa kapepala komatidwa. Tiikopere m'buku la gulu, chilembo ndi chilembo, nambala ndi nambala. Tisamale kuti tisasokoneze 0 ndi O, kapena 1 ndi I. Tilembenso dzina la chida, tsiku logula, ndi tsiku limene tinaika batire m'kolondolera. Lisiti tilisunge pouma. Pa chida penipeni tikhome chizindikiro cha gulu ndi chisongole, malo awiri, poonekera ndi pobisika. Utoto wokha sukwanira, umapalika.

Ntchito iyi silira kredito kapena netiweki. Imalira munthu wodziwa kulemba, ndipo m'kalasi muno tili nawo.

Chida chikabedwa, titenge buku, lisiti ndi foni, tipite ku polisi. Tisapite tokha kwa munthu amene tikumuganizira. Kadontho ka pa mapu kamaphonya ndi mamita angapo, nthawi zina ambiri. Kangaloze nyumba ya munthu wosalakwa chifukwa yayandikana ndi ya mbala. Kangasonyezenso pamene chida chinali dzulo, osati pamene chili lero, choncho tiziwerenga ola lolembedwa pambali pake. Munthu wopezeka ndi pampu mwina anangogula osadziwa. Kumenya munthu kapena kuthyola nyumba yake ndi mlandu, ngakhale pampu ili yathu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyeni tikambirane

1. Kodi m'gulu mwathu ndi chida chiti chimene chikabedwa ntchito yonse ingaime?
2. Chifukwa chiyani AirTag ingakhale chete ku dimba koma n'kulankhula kumsika?
3. Kalipentala wa ku Virginia atafika pa chitseko anachita chiyani? Inu mukanatani?

Tiyeni tiwerengere

Gulu lili ndi zida 6. Chida chilichonse chili ndi kolondolera kamodzi. Batire imodzi imatha chaka chimodzi. Pa zaka 3 gulu lidzagula mabatire angati?

Tiyeni tilembe

Jambulani mizere m'kope mwanu. Pamwamba lembani: Chida, Nambala, Tsiku logula, Tsiku la batire. Kunyumba pezani chida chimodzi chokhala ndi nambala, kaya wailesi, foni kapena njinga. Koperani nambalayo, mubwere nayo mawa.