Phunziro: Kusamala Paipi Yotulutsira Madzi pa Damu

Chilala cha 1992 ndi cha 2024 chinationetsa kuti damu la m'mudzi ndi nkhokwe ya madzi. Koma damu lomangidwa ndi dothi limakhala lofooka pamene paipi yadutsa pansi pa khoma. Madzi akayamba kuyenda kunja kwa paipi, m'mbali mwake, amakokolola dothi pang'onopang'ono mpaka khoma kugumuka.

Mu Seputembala kapena Okutobala, madzi akachepa, a komiti ya damu chitani izi:

1. Chotsani matope ndi zinyalala pa sefa ya pakamwa pa paipi.
2. Tsegulani ndi kutseka vavu mosathamanga, ndipo muipake girizi.
3. Yendani pakhoma molondola paipi, kufunafuna ming'alu, maenje ndi chiswe.
4. Tungani m'botolo madzi amene akuchucha m'mbali mwa paipi kumene yatulukira. Akakhala oyera, muziwaonanso sabata iliyonse. Akakhala amatope, dziwani kuti khoma likudyeka mkati.

Mukaona matope otere musakumbe khoma, ndiponso musamate pochuchapo ndi simenti, pakuti madzi adzangofuna njira ina. Chenjezani mabanja okhala kumunsi, ndipo itanani injiniya wa za madzi wa ku boma tsiku lomwelo. Ngati paipi yadyeka ndi dzimbiri, iye akhoza kulowetsa ina ya pulasitiki mkati mwake ndi kuthira simenti pakati pa ziwirizo. Kumbukirani, madzi akatayika saoleka.

Mafunso okambirana
Kodi vavu ya damu lathu inatsegulidwa liti komaliza?
Nanga amene amasunga sipanala yake ndani?