Galimoto ya pa chithunzi sinyamula nandolo

Nandolo akayamba kugulidwa pa Migowi ndi pa Chiringa, mlimi wa m'chigwa cha Phalombe amagwirako ndalama zooneka. Pamenepo maganizo amathamangira kutali: kalole ka Toyota Dyna konyamulira matumba kupita ku Limbe, Sienta yonyamula anthu, kapena ngolo yokoka ndi thirakitala. Ndi maganizo abwino. Choopsa n'chakuti akuba a pa intaneti amawadziwa bwino maganizo amenewa.

Nkhani yake imayenda chonchi. Mwaona galimoto pa Facebook, yowala, mtengo wake wotsika kuposa wa pamsika. Mukaimba foni, akuyankhani ndi munthu waulemu, "bwana" sachoka pakamwa. Akuti galimoto yachokera ku Japan, yatsika kale pa doko la Dar es Salaam, pano ili pa chipata cha Songwe ku Karonga. Akutumizirani zithunzi zina pa WhatsApp, ndi chikalata chokhala ndi chidindo. Kenako akuti pali wina wa ku Mzuzu amene akuifunanso, ndiye muponye kachikole pa Airtel Money kapena Mpamba lero lomwe.

Sakupemphani zonse nthawi imodzi, ndipo nzeru yawo yagona pomwepo. Chikole chikapita, mawa akuti kwatsala msonkho wa MRA. Mkuja akuti dalaivala mafuta amuthera pa Kasungu. Inu mumapitiriza kutumiza, osati chifukwa mukumukhulupirirabe, koma chifukwa mtima ukukana kuvomereza kuti zoyamba zija zapita. Tsiku limene mwanena kuti zathera pamenepa, nambala ija siyipezekanso. Mbuzi zinagulitsidwa, ngongole ya ku banki m'khonde ikudikira.

Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, magalimoto anakwera mtengo koopsa ndipo ndalama zakunja zimavuta kupeza. N'chifukwa chake mawu akuti "ili kale m'dziko muno, mungolipira makwacha" amakoma m'khutu. Koma msonkho wa galimoto umalipiridwa ku MRA, osati pa nambala ya foni ya munthu. Makampani enieni a ku Japan, monga Be Forward imene tinkaiona pa malaya a timu ya mpira ya Wanderers, amalandira ndalama kudzera ku banki pa akaunti ya kampani. Wakuba amatha kubwereka dzina ndi chizindikiro cha kampani yodziwika, koma akaunti imene angakupatseni imakhala ya munthu wamba. Muyang'anitsitse pamenepo.

Palinso msampha wina, umene ine ndimauopa kwambiri chifukwa galimotoyo imakhalapodi. Mwaiona, mwaiyendetsa, injini ikulira bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mwina ndi yobedwa, mwina mwini wake anaipinyolitsa pa ngongole, mwina inalowa mozemba msonkho. Tengani blue book, mufanizire nambala ya chesisi yolembedwamo ndi imene yadindidwa pa chitsulo cha galimotoyo, chilembo ndi chilembo. Dzina la m'bukumo lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akugulitsayo. Akati ndi ya achimwene ake amene ali ku Joni, dikirani achimwenewo. Kusintha umwini kumachitikira ku Road Traffic, ku Blantyre kapena ku Zomba, ndipo wogulitsa wachilungamo sakana kupita nanu limodzi. Ndalama ya ulendowo ndi ya makaniko amene mungamutenge kuti akaione galimotoyo ndi yochepa poyerekeza ndi zimene mukufuna kutulutsa.

Ngolo nayo chithunzi chimaibisira zambiri. Penti watsopano amakwirira dzimbiri ndi mowotcherera mwachinyengo. Gwadani muone ekiselo, masipuling'i ndi pokolekera, chifukwa msewu wa ku Nkhulambe nthawi ya dzinja udzaziyesa zonsezi muli ndi katundu pamwamba.

Ngati zakuchitikirani kale, musadzitsekere m'nyumba ndi manyazi. Anthu ophunzira ndi ochenjera omwe agwamo mu msampha umenewu. Imbirani Airtel kapena TNM nthawi yomweyo, ndalamazo zisanatapidwe. Musafufute mauthenga, nambala ndi zithunzi zimene anakutumizirani. Pitani nazo ku polisi ya Phalombe. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lilipo pa milandu ya pa intaneti. Mukatero muwauzenso anzanu a ku kalabu ya alimi ndi a ku mpingo, muwawerengere ndi nambala yomwe, chifukwa wakubayo chithunzi chomwecho akuchitumiza kwa wina wa m'mudzi mwanu momwemo.