PHUNZIRO: Mtengo wa Nandolo ndi Mbale ya Mwana

Phunziro la lero likhudza mlimi wa ku Balaka ndi ku Machinga. Munthu ameneyu alima chaka ndi chaka, koma pofika mwezi wa February m'nkhokwe mwake mulibe kanthu. Ena ati ndi ulesi. Ife titi tiyambe taona malamulo ndi makonzedwe a dziko pa za ulimi, pakuti pamenepo pagona nkhani.

1. Zimene zinaoneka mu 2017

Ku Ulongwe, ku Phalula ndi ku Ntaja anthu abzala nandolo pakati pa chimanga. Kwa zaka zambiri nandolo wochuluka wa m'dziko muno anali kugulidwa ndi amalonda omtumiza ku India. Koma m'chaka cha 2017 alimi a ku India atakolola wambiri, boma lao linachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja. Pomwepo mtengo kuno unagwa koopsa. Mlimi sanalakwe kanthu, koma ndiye anasenza tsoka lonse, popeza panalibe chomtchinjiriza.

2. Kugulitsa motchipa, kugula modula

Chaka chili chonse Unduna wa Zaulimi ulengeza mitengo imene wogula mbewu sayenera kutsikapo. Lamuloli nlabwino, koma lifuna msika woliteteza. Bungwe la ADMARC, limene linakhazikitsidwa mu 1971, zaka zambiri linachedwa kutsegula misika yake, ndipo mavenda anali kufika msanga ndi masikelo ao. Mayi amene mwana wake wadwala sangadikire. Agulitsa chimanga motchipa mu May, nadzachigulanso modula mu January.

3. Chimanga chokha sichikwana

Kuyambira mu 2005 boma linaika chuma chambiri cha ulimi pa makuponi a feteleza ndi mbewu ya chimanga. Thandizoli linapindulira ambiri. Koma Balaka ndi dera la mvula yochepa, ndipo chimanga sichichedwa kufota. Tinaziona mu 2024, pamene chilala chinagwetsa maboma 23 mwa 28 m'tsoka la njala. Mapira, chinangwa, mbatata, khobwe ndi nandolo zipirira dzuwa koposa chimanga.

Ndiponso nsima yokha sikulitsa mwana. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu, 37 anali opinimbira. Thupi lifuna magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Tsono taonani: nandolo yemwe uja tigulitsa yense, ndiye ndiwo yomanga thupi la mwana wathu.

4. Tichitenji?

Papa Yohane XXIII, m'kalata yake Mater et Magistra ya 1961, anaphunzitsa kuti mitengo ya zokolola iyenera kutetezedwa, ndi kuti alimi agwirizane m'magulu kuti mau ao amveke. Mutu umodzi susenza denga. Chifukwa chake tilowe m'makopaletivi, tisonkhanitse mbewu zathu ndi kugulitsa pamodzi. Ndipo pamene phungu kapena khansala abwera kwathu, timpemphe zinthu zitatu: misika itsegulidwe nthawi yokolola, masikelo a ogula ayesedwe, thandizo la mbewu lifikenso ku nyemba, mapira ndi chinangwa. Kunyumba nako, tipatule thumba la nandolo lodya ana tisanapite kumsika.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi chaka chatha munagulitsa chimanga pa mtengo wanji, ndipo munachigulanso pa mtengo wanji?
2. Dzulo ana anu anadya magulu angati a zakudya?
3. Ndani pakati panu adzapereka mau athu ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi?