Pogula galimoto ku Glasgow, yambani mwaganiza za kalipiridwe

Abale athu ochuluka ndithu amene abwera kuno ku Glasgow zaka zaposachedwazi akugwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala m'makomo mwawo. M'mawa ukhale ku Pollok, pakangopita kanthawi akufuna ku Paisley, madzulo ku Cambuslang. Ntchito yotere imakukakamiza kugula galimoto usanakonzeke. Tikafika kwa ogulitsa, maso athu amathamangira pa injini, matayala ndi dzimbiri la kunsi, ndipo n'zoyenera, poti mchere umene amawaza m'misewu nyengo yozizira umadya chitsulo. Za kalipiridwe timaziganiza pomalizira, wogulitsa atatikhazika kale pampando, kapu ya khofi ili m'manja. Komatu kuno njira imene mwalipirira ndi imene imanena amene adzaime nanu giyabokosi ikadzafa patangotha milungu itatu.

Kumudzi tinazolowera kutumiza ndalama zonse ku Japan, n'kumadikira kuti galimoto ifike padoko la Dar es Salaam, kenako pa Songwe, mtima uli m'mwamba. Kuno simuyenera kudziika pachiswe chotero. Malamulo alipo okutetezani, koma ena amagwira ntchito pokhapokha mutalipira m'njira yoyenera.

Ngati ndalama yonse muli nayo kale, malangizo anga ndi awa: dipoziti lipirani ndi khadi ya ngongole, ija amati credit card, yotsalayo mutumize kudzera kubanki. Chifukwa chake chili mu gawo 75 la lamulo la Consumer Credit Act la mu 1974. Gawoli limati katundu akakhala wa mtengo woposa £100 koma wosapitirira £30,000, ndipo mwalipirako ndi khadi ya ngongole, kampani ya khadiyo imasenza mlandu pamodzi ndi wogulitsa. Sikuti mulipire mtengo wonse ndi khadiyo ayi. Galimoto ya £6,000, inu n'kulipira £200 yokha ndi khadi, chitetezo chimakhala pa £6,000 yonse. Wogulitsa akatseka bizinesi, kapena akakana kukubwezerani ndalama pa galimoto yowonongeka, muli ndi khomo lachiwiri logogoda, ndipo khomo limenelo ndi la banki, imene sisamuka usiku. Khadiyo ikhale ya inuyo amene mukugula, ndipo mulipire pamakina a wogulitsayo mwachindunji. Mwezi womwewo bwezani ngongole ya pakhadiyo, chifukwa chiwongoladzanja chake n'chowawa.

Ogulitsa ambiri salola kuti mtengo wonse udutse pa khadi ya ngongole, poti banki imawadula ndalama, koma dipoziti amalandira. Wina akafuna kukuwonjezerani ndalama chifukwa chakuti mwalipira ndi khadi yanu, kanani. Zimenezo zinaletsedwa mu Januwale 2018. Ndipo musanapereke dipoziti, alembe papepala ngati idzabwezedwe mukasintha maganizo. Lonjezo la pakamwa silikuthandizani pano.

Khadi wamba yotapira ndalama zanu, debit card, ili ndi kachitetezo kotchedwa chargeback, kamene banki imayesa kukubwezerani ndalama, kawirikawiri mukadandaula pasanathe masiku 120. Limeneli si lamulo la boma, ndi dongosolo la makampani a makhadi okha, choncho mphamvu yake ndi yocheperapo.

Ndalama yotsalayo imadutsa pa njira ya kubanki yotchedwa Faster Payments, ndipo nthawi zambiri imafika mphindi zochepa. Banki iliyonse ili ndi malire a ndalama imene mungatumize patsiku, ndiye funsani dzulo lake kuti musakachite manyazi pakauntala. Nambala ya akaunti muitenge pa invoisi ya kampaniyo muli pamalopo. Mukailemba pafoni, banki imakuuzani ngati dzina likugwirizana ndi mwini akauntiyo. Ikati silikugwirizana, imani pomwepo. Wogulitsa akanena kuti "tumizani ku akaunti ya mkazi wanga, ya kampani yavuta", nyamukani. Chimodzimodzi uthenga wa pa imelo wonena kuti akaunti yasintha: imbirani kampaniyo pa nambala imene mukuidziwa kale. Kuyambira pa 7 Okutobala 2024 mabanki amayenera kubwezera anthu amene apusitsidwa ndi akathyali mpaka £85,000, koma zimenezo ndi za kuberedwa. Galimoto ikakhala yoti ilipo ndithu koma ndi yowola, dongosolo limenelo silikukhudzani.

Nanga kashi? Ambirife ndalama ya galimoto timaipeza pa chipereganyu, ndipo ikafika nthawi yako imabwera m'manja, mapepala a Bank of Scotland, Royal Bank ndi Clydesdale atasakanikirana. Ikaikeni kubanki kaye, ndipo sungani kaundula wa gulu lanu, chifukwa banki ikhoza kufunsa kumene yachokera. Malamulo oletsa kuyeretsa ndalama zakuba a mu 2017 anaika malire pa 10,000 euro: wogulitsa wolandira kashi yofika pamenepo ayenera kukhala wolembetsedwa ku bungwe la misonkho la HMRC, n'chifukwa chake makampani ambiri akuluakulu amangokana kashi yambiri. Amene amaikonda kwambiri kashi ndi uja wokuuzani kuti akuchotserani £300 mukalipira m'manja popanda lisiti. Musalole. Popanda lisiti mulibe umboni woti munagula kwa wamalonda. Samalaninso ndi amalonda amene pa Facebook kapena Gumtree amadzionetsa ngati munthu wamba akugulitsa galimoto yake. Amatero dala, chifukwa ufulu wanu pogula kwa munthu wamba ndi wochepa kwambiri.

Tsopano za ngongole, pamene ambiri timapunthwa. Makampani ambiri, kuyambira Arnold Clark, imene inayambira momwe muno mu Glasgow mu 1954, mpaka kagalaja ka pakona, angakupezereni ngongole tsiku lomwelo. Funso loyamba limene mudzamve ndi lakuti mungakwanitse zingati pamwezi. Musaliyankhe msanga. Funsani zinthu ziwiri: APR, ndiko kuti chiwongoladzanja cha pachaka pamodzi ndi zolipira zina, komanso ndalama yonse imene mudzakhale mutapereka pomaliza. Tiyerekeze kuti mwakongola £7,000 kwa miyezi 48. APR ikakhala 7 peresenti, muzipereka pafupifupi £167 pamwezi, ikakhala 12.9 peresenti, pafupifupi £185. Kusiyana kwa £18 kumaoneka ngati kachabechabe, koma pakutha pa zaka zinayi kwakwana pafupifupi £870, ndalama yoti ikanalipira fizi ya mwana kumudzi. Dziwaninso kuti APR imene amalemba pachikwangwani lamulo limangofuna kuti ipatsidwe kwa anthu 51 pa 100 alionse amene avomerezedwa. Ife obwera kumene, amene mbiri yathu ya ngongole ku Experian, Equifax ndi TransUnion ikadali yaifupi, kawirikawiri timagwera mwa otsalawo. Kulembetsa m'kaundula wa ovota kumathandiza mbiriyo, ndipo Mmalawi wokhala kuno movomerezeka ali ndi ufulu wolembetsa.

Ngongole za kwa ogulitsa zili mitundu iwiri ikuluikulu. Pa HP mumalipira mtengo wonse pang'onopang'ono, ndipo galimoto imakhala yanu mukamaliza. Pa PCP ya pamwezi imatsika, chifukwa chigawo chachikulu cha mtengo amachikankhira kumapeto. Mukafika kumeneko mumasankha: kulipira chindalama chotsalacho, kubweza galimoto, kapena kusinthanitsa ndi ina. PCP imaika malire a mamailosi pachaka, ndipo mailosi iliyonse yopitirira imalipiridwa. Inu achemwali amene mukuzungulira m'makomo tsiku lonse, werengani bwino ulendo wanu wa pasabata musanasaine. Kwa ntchito yotere ine ndimaona kuti HP, kapena ngongole ya kubanki, ndiyo yabwinoko. Yesaninso ku Glasgow Credit Union ndi mabungwe ena otere, amene amafanana ndi ma SACCO a kwathu. Mukapita kwa wogulitsa mutadziwa kale chiwongoladzanja chimene ena akupatsani, mumakambirana muli ndi mphamvu. Funsaninso kuti iye akulandirapo zingati pa ngongoleyo. Funsoli si lamwano: mu Januwale 2021 bungwe la FCA linaletsa mchitidwe umene ogulitsa ankakweza chiwongoladzanja kuti komishoni yawo ikule.

HP ndi PCP zili ndi ubwino wake. Poti mwini galimoto ndi kampani yobwereketsa, ikapezeka ndi vuto dandaulo lanu limapita kwa iwo. Mukalipira gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama yonse, sangakulandeni galimoto popanda chilolezo cha khoti. Mukafika theka, mukhoza kuibweza n'kuthetsa mgwirizano, bola ikhale yosamalidwa. Pa PCP thekalo limawerengera ndi chindalama cha kumapeto chija, choncho limafika mochedwa. Muli ndi masiku 14 otuluka mu ngongoleyo mukapeza yotchipa kwina, koma kutero sikuthetsa kugula. Galimotoyo muyenerabe kuilipira.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Musatengere munthu wina ngongole ya galimoto m'dzina lanu, kaya ndi m'bale, kaya ndi mnzanu wa kutchalitchi amene akanidwa. Kwathu kukana m'bale n'kovuta, ndikudziwa. Koma mukasaina kuti galimoto ndi yanu pamene woyendetsa ndi wina, mwanamiza obwereketsa, ndipo iwo amazitenga ngati chinyengo. Iye akasiya kulipira, makalata adzabwera pakhomo panu, mbiri yowonongeka idzakhala yanu. Ngati mukufunadi kumuthandiza, muwonjezereni pa dipoziti.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanatumize ngakhale paundi imodzi, lembani nambala ya galimoto pa tsamba la boma la gov.uk muone mbiri ya MOT, kuyesedwa kwa galimoto kwa chaka ndi chaka, ndi yaulere. Lipirani kandalama kochepa ka HPI check kuti mudziwe ngati ili ndi ngongole ya mwini wakale kapena inachitapo ngozi yaikulu. Ndipo poti tili mu Glasgow, onani ngati ikuloledwa mu Low Emission Zone, zoni yoletsa magalimoto a utsi wambiri, imene inayamba kulipiritsa pa 1 Juni 2023 pakati pa mzinda, kuchokera ku msewu wa M8 kufika ku mtsinje wa Clyde ndi High Street. Ya petulo ikhale ya Euro 4, zimene zambiri ndi za kuyambira 2006. Ya dizilo ikhale ya Euro 6, zambiri za kuyambira Seputembala 2015. Chindapusa chimayambira pa £60 ndipo chimawirikiza mukabwereza. Galimoto ya dizilo yakale yotchipa modabwitsa, kawirikawiri chifukwa chake n'chimenechi. Zowonjezera zimene amakunyengererani pomaliza, monga mankhwala oteteza penti ndi GAP insurance, mukhoza kuzikana, kapena kukazifuna kwina.

Tsiku lotenga galimoto, musatuluke pageti opanda invoisi yolembedwa dzina la kampani, mtengo ndi mamailosi, komanso kapepala kobiriwira kochokera mu V5C, imene ndiyo bulubuku ya kuno. Msonkho wa pamsewu suchoka kwa mwini wakale kubwera kwa inu, ndiye lipirani wanu pafoni pompo. Inshulansi ikhale itayamba, ndipo ngati muziyendera ntchito ya m'makomo, auzeni a inshulansi kuti ikhale yololeza zantchito. Laisensi ya ku Malawi imagwira miyezi 12 yokha chifikireni, ndipo siisinthidwa ndi ya kuno popanda mayeso.

Vuto likaoneka, lamulo la Consumer Rights Act la mu 2015 limakupatsani masiku 30 okana galimotoyo n'kulandira ndalama yanu yonse. Akadutsa masikuwo, wogulitsa ali ndi mwayi umodzi wokonza, ndipo m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndi iye amene ayenera kutsimikiza kuti vutolo panalibe pogula. Lekani kuiyendetsa, jambulani, lembani kalata kapena imelo tsiku lomwelo. Akakuzembani, Advice Direct Scotland imalangiza mwaulere. Ngati munalipira ndi khadi kapena pa HP ndi PCP, kampani ya ngongole ili ndi milungu isanu ndi itatu yoti iyankhe, kenako mukhoza kupita ku Financial Ombudsman Service osalipira kanthu. Milandu yosapitirira £5,000 imalowa ku Sheriff Court, ya kuno ili pa Carlton Place, kudzera m'njira yotchedwa simple procedure, imene munthu angathe kuiyendetsa yekha popanda loya.