Phunziro: Foni ilibe belu, koma Msilamu ali ndi azana



Phunziro lathu la teremu ino ndi la nthawi. Surah Al-Asr, ya nambala 103 m'Qur'an, ili ndi ndime zitatu zokha, ndipo m'ndime yoyamba Allah akulumbirira nthawi. Ma ulama amatiphunzitsa kuti Allah salumbirira chinthu chopepuka. Nayenso Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), m'hadith ya mu Sahih Al-Bukhari, anatichenjeza kuti thanzi ndi mpata ndi mitendere imene anthu ochuluka amaiseweretsa.

Tiyeni tiwerengere. Wophunzira amene amatha maola 2 patsiku pa TikTok, Facebook ndi WhatsApp, pa sabata wataya maola 14. Pa chaka ndi maola oposa 700, omwe ndi masiku pafupifupi 30, usana ndi usiku. Ndiye kuti mwezi wathunthu, wotalika ngati Ramadhan, wadutsa iye ataweramira foni. Mwezi umenewo bwenzi atabwerezamo mitu ingati ya masamu mayeso a MSCE asanafike?

Izi sizichitika mwangozi. Eni mapulogalamuwa amapeza ndalama poonetsa malonda, choncho phindu lawo limakula mukakhalitsa pamenepo. N'chifukwa chake kavidiyo kakatha, kena kamabwera pomwepo, kosankhidwa potengera zomwe munaonera dzulo. Buku lili ndi tsamba lomaliza, phunziro la m'kalasi limatha ndi belu, koma foni ilibe belu.

Tisamve molakwa: Chisilamu sichidana ndi zida zatsopano. Ibn al-Shatir, yemwe anamwalira m'chaka cha 1375, anali katswiri wa nyenyezi amene ntchito yake inali yowerengera nthawi za swala pa mzikiti wa Umayyad ku Damascus, ndipo anapangira mzikitiwo wotchi yoyendera mthunzi wa dzuwa. Chida chake chinkatumikira swala. Nayonso foni ikhoza kutidzutsa pa Fajr, kutisungira Qur'an ndi mapepala a mayeso akale, bola ikhale wantchito, osati bwana.

Msilamu safunika kufunafuna ndandanda ya tsiku, ali nayo kale. Swala zisanu zili ngati zikhomo zomwe tsiku lonse limakolekedwapo. Nayi njira yoti tiyese:

1. Mukaswali Fajr musabwerere pamphasa. Mutu uli wopepuka ndipo pakhomo pali zii. Werengani tsamba la Qur'an, kenako phunziro limene limakuvutani kwambiri.

2. Pakati pa Asr ndi Maghrib, mukamaliza ntchito zapakhomo ndi madrasa, ndiye mpata wa foni. Azana ya Maghrib ikhale belu lanu loiikira pansi.

3. Pakati pa Maghrib ndi Isha lembani ntchito ya kusukulu, foni ili m'chipinda china.

4. Mukaswali Isha perekani foni kwa makolo mpaka m'mawa. Madokotala amati wachinyamata wa msinkhu wa sekondale amafunika kugona maola 8 mpaka 10. M'miyezi yotentha Fajr imalowa cha m'ma 4 koloko, ndiye amene wachezera bandulo ya usiku amaphonya swala, m'kalasi n'kumasinza.

Makolo anzanga, mwana amatsanzira zomwe akuona. Ngati bambo akuyankha mauthenga nsima ili pamphasa, kapena mayi akuonera mavidiyo azana ikumveka, lamulo lathu silimveka. Mafoni onse a pakhomo agonere malo amodzi, athu omwe.

Akuluakulu a komiti, tikupempha zinthu ziwiri: muzikumbutsa anthu kuzimitsa mafoni khutba ya Jumu'ah isanayambe, komanso muganizire zolola ophunzira a Fomu 2 ndi Fomu 4 omwe kwawo kulibe magetsi kuti aziwerengera m'chipinda cha madrasa pakati pa Maghrib ndi Isha.

Ntchito ya sabata ino: wophunzira aliyense alembe m'kope, kwa masiku 7, maola omwe wathera pa foni ndi swala zomwe waswali pa nthawi yake. Lolemba likudzali mubwere ndi makopewo, tidzawerengere limodzi, insha Allah.

Allah aike baraka m'nthawi yathu ndi m'maphunziro a ana athu. Ameen.